Dzanja Lamanzere

1. Mawu a pamsewu

Tsiku lomaliza limene Jethro anawaona amalume ake ali moyo, anali atatsamira njinga yawo pamsewu wa ku Palabana, chigubu cha mkaka chitamangidwa kumbuyo ndi mphira. Unali mwezi wa Januwale ndipo matope anali ponseponse. Amalumewo, ba Zebron, ankakhosomola kwambiri, koma anakana kutsala kunyumba. Anati mwana wa mlongo wawo sangapite kukayamba uphunzitsi ngati munthu wopanda kwawo.

Jethro anali m'chaka chachiwiri ku koleji ya aphunzitsi ku Lusaka. Tsopano ankapita ku sukulu ina ya pulayimale kudera la Nkomeshya kukayeserera ntchito kwa teremu imodzi. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Amene anamulera ndi kumutumiza ku koleji anali ba Zebron, omwe anagwira choko zaka zambiri asanapume n'kuyamba kuweta ng'ombe.

Minibasi isanafike, mkuluyo anamugwira pamkono.

"Mvera, mwanawe. Kumene uyenda uko ni kwa eni. Uzapeza ticha mwini kalasi, ndipo theka la mamaki ako lili m'cholembera chake. Uzaona zinthu zimene mabuku a ku koleji sanakuuze, ndipo zina zizakunyansa. Uone na maso, pakamwa utseke. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uzakutsata. Nikudziwa bwino iwe, uli na mtima wa amayi ako, wosapirira kuona mwana akulira. Koma ungathandize mwana mmodzi lero n'kutaya pepala la uphunzitsi, pamene ukatenga pepala uzathandiza mazana. Yamba watenga pepala. Ukazakhala na kalasi yako, uzachita zimene ufuna. Ukalephera, ng'ombe zanga izi sizingakubwezere ku koleji kachiwiri."

Jethro anaseka n'kunena kuti wamva. Kondakitala anamulanda chikwama ndi kumukankhira mkati. Atasuzumira pawindo, anangoona msana wa jekete lakale, mwini wake akukankha njinga m'matope.

Ba Zebron anamwalira teremu isanafike pakati. Jethro anapita kukaika maliro Loweruka, ndipo Lolemba anali atabwerera kale m'kalasi. Palibe mphunzitsi amene anamufunsa za ulendo wake.

2. Mapasenja

Kalasi imene anamupatsa inali Giredi 6, ndipo mwini wake anali ba Chisanga. Mayiyu ankakhala kumapuloti atsopano pafupi ndi boma la Chongwe, ndipo sankabisa kuti sukulu ya kumudziyo inali chilango kwa iye. Malinga ndi lamulo la koleji, masabata oyamba Jethro anayenera kungokhala kumbuyo, kuona mmene mwini kalasi amaphunzitsira.

Kaphunzitsidwe kake sikanali kovuta kukamvetsa. Ba Chisanga ankadzaza bolodi ndi Chingerezi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ana n'kumakopera. Akamaliza ankafunsa ngati amva, ndipo kalasi yonse inkavomera pamodzi ngati mpingo ukuyankha wansembe. Mwana wofunsa funso ankauzidwa kuti makutu anawasiya kumunda.

Lachisanu lililonse kunali mayeso. Ba Chisanga sankachonga okha. Ana ankasinthana mabuku, mayiyo n'kumatchula mayankho ali pampando. Kenako aliyense ankafuula mamaki a mnzake, kalasi yonse ikumva. Njira imene mwana wadutsa kuti afike pa yankho palibe ankaiyang'ana. Yankho likasiyana ndi la pakamwa pa ba Madamu, basi chinali chizindikiro chopingasa.

Mamaki akatha kutchulidwa, ana ankanyamula mabuku awo n'kusintha malo. Opambana ankakhala kutsogolo. Otsiriza ankapita kumzere wa kukhoma, pansi pa windo losweka pamene mvula inkalowera. Amenewa ba Chisanga ankawatcha mapasenja, ati chifukwa anangokwera basi ya sukulu koma sadziwa kumene ikupita.

Jethro ankakhala pakati pa mapasenjawo, choncho ankaona zimene sizioneka ukakhala kutsogolo. Ankaona ana akukopera mawu chilembo ndi chilembo ngati akujambula maluwa, osadziwa chimene mawuwo akunena. Ankaona ena akuvomera kuti amva, maso ali panja.

Pafupi naye pankakhala Cheelo, mtsikana wamtali woposa anzake onse msinkhu. Anayamba sukulu mochedwa, ndipo nthawi yopalira ankajomba kawirikawiri. Buku lake linkachongedwa ndi Kelly, mnyamata amene sankachoka pa nambala wani. Kelly ankatchula mamaki a Cheelo mokoka mawu kuti anthu aseke, ndipo ankasekadi.

Lachisanu lina pa mayeso a masamu, Jethro anaona Cheelo atangoyang'ana funso, pensulo ili m'kamwa. Anawerama n'kumunong'oneza funso lomwelo m'Chinyanja. Mtsikanayo sanamuyang'ane n'komwe. Anajambula timizere m'mphepete mwa tsamba, anatigawa m'magulu, n'kulemba yankho lolondola. Funso lotsatira Jethro sanamunong'oneze, ndipo Cheelo analisiya lopanda kanthu.

Ataweruka, Jethro anawafotokozera ba Chisanga mwaulemu kuti mwina vuto la ana ena si masamu koma chilankhulo. Mayiyo anamuyankha akutseka chikwama chawo, kuti mayeso a boma sabwera m'Chinyanja, ndiponso kuti mlendo amene wabwera ndi kalumo kakuthwa ayambe wameta ndevu zake.

3. Kukonzekera mlendo

Chakumayambiriro kwa Malichi kunabwera uthenga wakuti ba Mwaanga, lekichala wa ku koleji, adzafika Lachinayi kudzaona Jethro akuphunzitsa. Mamaki a tsiku limenelo, kuphatikiza ndi a ba Chisanga, ndiwo akananena ngati Jethro wakhoza kapena walephera chaka chonse.

Lachitatu ba Chisanga anatseka chitseko cha kalasi n'kuuza ana kuti mawa kubwera mlendo. Kenako anawakumbutsa lamulo limene onse ankaoneka kuti akulidziwa kale. Ticha akafunsa funso, mwana aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Ticha azisankha a lamanja okha. Mapasenja onse, kaya akuganiza kuti akudziwa kaya ayi, dzanja lawo ndi lamanzere basi.

Anayeserera kangapo. Manja ankakwera onse pamodzi ngati chimanga cha m'munda wothira feteleza. Munthu woima pakhomo akanalumbira kuti m'kalasimo mulibe mwana wotsalira.

Ana atatuluka, Jethro ananena kuti zimenezi sakuzimva bwino, ndipo angakonde kuphunzitsa mmene kalasi ilili. Ba Chisanga anakhala pa desiki, n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe Jethro, nikuuzeko. Ine nayamba kugwira choko iwe ukali kuyamwa. Baja ba ku koleji babwera na mafuta onunkhira, bankhala ola imodzi, bayenda. Ise tisala na bana aba na fumbi yawo. Uganiza bafuna choona? Bafuna manja m'mwamba, balembe ati kalasi inali yamoyo. Ukafunsa pasenja, azaimirira monga mtengo, nthawi izatha, phunziro izafa, ndipo wolephera uzankhala iwe, osati iye. Ine nikuthandiza chabe. Bonse amene banapita muno banachita chimodzimodzi, manje ni maticha, balandira malipiro. Namvera ati amene anali kukulipirira banamwalira. Pepa. Koma ngati ulibe wokugwira kumbuyo, usakwere mtengo wautali. Ndipo usaiwale ati cholembera changa nacho chikali kuyembekeza."

Jethro anatola mabuku ake n'kutuluka. Mawu a amalume ake ndi a mayi amene sankamufunira zabwino anali atakumana panjira imodzi. Madzulo a tsikulo anaitananso kalasi, ndipo iye mwini anayeserera nawo mafunso ake, manja akukwera monga analamulira ba Madamu.

4. Lachinayi

Ba Mwaanga anafika mochedwa, galimoto itadzaza matope. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda kuseka. Anakhala pampando pakona ya kutsogolo n'kutsegula faelo. Ba Chisanga anaima pakhomo atapinda manja.

Phunziro linali la magawo a nambala. Jethro anadula mapepala, anajambula pabolodi, anafunsa mafunso. Funso lililonse manja ankakwera onse, iye n'kumasankha lamanja, yankho n'kubwera loyera. Ba Mwaanga ankagwedeza mutu akulemba. Zonse zinkayenda ngati madzi a mumpopi.

Chakumapeto analemba funso lomaliza. Mlimi wakama malita 48 a mkaka, wagulitsa magawo atatu mwa magawo anayi, watsala ndi malita angati? Analiwerenga m'Chingerezi. Kenako, mosaganizira, analibwereza m'Chinyanja.

Manja anakwera. Kumzere wa kukhoma, pakati pa manja amanzere, panakwera dzanja limodzi lamanja. Linali la Cheelo. Silinakwere kwambiri, linangofika pakhutu, koma linali lamanja.

Pakhomo ba Chisanga anakhosomola. Cheelo anawayang'ana, anatsitsa dzanjalo msangamsanga n'kukweza lamanzere, maso ali pa desiki.

Jethro anaona zonsezo. Kutsogolo Kelly ankaliza zala, theka la thupi litachoka kale pampando. Kunangotsala kutchula dzina lake, kufufuta bolodi, ndi kuthokoza mlendo.

"Cheelo," anatero.

Mtsikanayo anaimirira pang'onopang'ono, akugwira desiki. Jethro anamuuza kuti ayankhe m'chilankhulo chilichonse chimene akufuna. Cheelo anayamba ndi mawu apansipansi, kuti choyamba mkakawo augawe m'zigubu zinayi zofanana, ndipo chigubu chilichonse...

"Ba ticha, mwalakwitsa," anatero Kelly mokweza. "Uyo ananyamula lamanzere. Ni pasenja."

Ana ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Cheelo anakhala pansi osamaliza, n'kubisa nkhope m'mikono.

Ba Mwaanga anavula magalasi. Anamufunsa Kelly kuti lamanzere likutanthauza chiyani. Mnyamatayo, pozolowera kuyamikiridwa akayankha bwino, anaimirira mowongoka n'kufotokoza lamulo lonse, osasiyako kanthu. Lekichalayo anapempha kuti onse amene anakweza lamanzere pa funsolo aimirire. Anaimirira oposa theka la kalasi.

Faelo inatsekedwa belu lisanalire.

5. Mu ofesi

Mu ofesi ya ba Hedi, mkulu wa sukuluyo, munali mipando itatu, ndipo Jethro anaima.

Ba Chisanga ndiwo anayamba kulankhula. Ananena kuti nzeru ya manjayo anabwera nayo ndi Jethro kuchokera ku Lusaka, kuti iwo anamuletsa koma sanamve, ndipo kuti Lachitatu madzulo anaitana ana payekha n'kuyeserera nawo. Mawu otsirizawo anali oona, ndipo bodza lokwera pamsana pa choona limayenda mtunda wautali.

Jethro anafotokoza mbali yake. Ba Hedi anamudula pakati, n'kunena kuti ba Chisanga akhala pa sukulupo zaka zambiri popanda dandaulo, ndipo sangalole mwana wa dzulo kuipitsa dzina la sukulu. Anawonjeza kuti sakumufunanso pamalopo, achoke tsiku lomwelo.

Jethro anayang'ana kwa ba Mwaanga. Ngati ankayembekeza chifundo, anagogoda pakhomo lolakwika.

"Sinikufunsa amene anayambitsa," anatero mayiyo. "Ba Chisanga si wophunzira wanga, iwe ndiwe. Unadziwa?"

"Ninadziwa, ba Madamu."

"Unayeserera nawo?"

"Ninayeserera."

"Ndiye kuti phunziro lonse unali kuninamiza. Choona unachikumbuka kumapeto, ndipo unachikumbukira pamutu pa mwana. Ukanabwera kwa ine pagalimoto paja n'kuniuza, tikanakamba zina. Iwe unafuna zonse ziwiri, mamaki na mtima woyera. Nanga mtsikana uja unamuganizira? Unamuimika pakati pa ticha wake na mlendo, iwe udziwa bwino ati mlendo ayenda."

Ananena kuti phunzirolo saliwerengera, ndipo nkhaniyo aipereka kwa akuluakulu a koleji, amene adzaweruze ngati Jethro apitirize maphunziro kapena achotsedwe. Anamuuza kuti pa tsiku la mlanduwo adzabwere ndi kholo kapena womulera. Jethro anayankha kuti alibe. Ba Mwaanga anati ndiye adzabwere yekha.

Potuluka, ba Chisanga anamudutsa pakhomo n'kumuuza chapansipansi kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma ena makutu awo ndi zokongoletsa mutu.

6. Kuseri kwa zimbudzi

Katundu wa Jethro sanali wambiri. Anapinda malaya ake, anabweza kiyi wa kachipinda kamene ankagona, n'kuyamba ulendo wa kumsewu. Aphunzitsi amene anali pakhonde anatembenukira kumbali. Ana a kutsogolo ankamuloza pawindo, wina akukweza dzanja lamanzere momunyoza.

Njira inkadutsa kuseri kwa zimbudzi, kumene udzu unakula mpaka m'chiuno. Kumeneko anapeza Cheelo ali yekha ndi chikwakwa. Anali atapatsidwa chilango chotchetcha malo onsewo chifukwa chochititsa manyazi kalasi pamaso pa mlendo. Yunifolomu yake inali itamatirira kumsana ndi thukuta.

Jethro anaika chikwama pansi n'kupempha chikwakwacho kuti amuthandize. Cheelo anakana ndi mutu. Anati akawaona ba Madamu, chilango chiwonjezeka.

Jethro anapepesa. Anati sanafune kuti zithe chonchi, anangofuna kuti anthu amve kuti iyenso amadziwa.

Mtsikanayo anasiya kutchetcha n'kumuyang'ana m'maso, koyamba chiyambire teremu.

"Ninatsitsa dzanja, ba ticha. Munaona ati natsitsa. Imwe mawa simuzakhalako. Ine nizakhalako."

Jethro ananyamula chikwama chake. Atayenda pang'ono, anamva mawu kumbuyo kwake, ouma, opanda chisoni kapena kunyada.

"Yankho ni twelofu."

Anatembenuka. Cheelo anali atawerama kale, chikwakwa chikulira mu udzu, ngati sananene kanthu.

Kumsewu minibasi zinkadutsa zodzaza. Jethro anakhala pa chikwama chake pansi pa mtengo, osadziwa ngati akwere yopita ku Lusaka kapena yopita ku Palabana. Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wochokera ku koleji, waufupi, wopanda moni. Unkanena kuti wayimitsidwa maphunziro, ndipo akaonekere pamaso pa komiti ya mwambo pa tsiku limene analemba m'munsi mwake.

Lachiwiri, 18 Malichi 2025.